Kodi Mumadziwa? Shuga Wobisala M'zakudya za Ana za M'mapaketi

Zinthu zomwe zathiridwa m'chakudya cha m'paketi zimalembedwa motsatira kuchuluka kwake: chochuluka kwambiri chimayamba, chochepetsetsa chimatsirizira. Choncho shuga akapezeka pachiwiri pa paketi ya mabisiketi kapena ya phala la mwana, ndiye kuti alimo wambiri ndithu. Nthawi zina amabisala m'maina ena, monga glucose syrup, sucrose ndi fructose. Magalamu 4 a shuga ndi pafupifupi sipuni imodzi ya tiyi.

M'malangizo ake a 2023, bungwe la WHO linati ana a miyezi 6 mpaka 23 asamapatsidwe zakumwa zothira shuga, ngakhalenso zakudya zochuluka shuga ndi mchere. Mimba ya mwana wotere ndi yaing'ono. Akamwa firizi ndi kutafuna tchipisi cha pa grosale, zala zili psuu ndi utoto, amakhuta msanga, kenaka phala la nsinjiro n'kulikankhira kutali. Nawo mano ongomera kumene amayamba kubooka.

Sikuti za m'mapaketi zonse n'zoipa. Ufa wa phala wowonjezeredwa ayironi ndi mavitamini, komanso chiponde chopanda shuga, zimathandiza mwana kukula bwino, makamaka pamene nyama ndi mazira zikusowa pakhomo.