Galu wogwira nkhuku samva chikoti

Nthenga zikangomwazika pabwalo, mlandu wayamba. Mwini nkhuku akufuna malipiro, mwini galu akuti wake sagwira, ndipo pakapita masiku galu uja amapezeka atafa kuseri kwa bafa, atadya nyama yothira tameki. Ku Ndirande, ku Area 25 ngakhalenso kumudzi, anthu oyandikana nyumba amasiya kupatsana moni chifukwa cha nkhani ngati imeneyi. Chonsecho vutolo lidayamba kagaluko kali ndi miyezi itatu, kakuthamangitsa anapiye anthu n'kumaseka.

Mankhwala omwe ambirife timadziwa ndi chikoti. Ena amamangirira nkhuku yakufayo m'khosi mwa galu kuti iwolere momwemo, ati achite manyazi. Koma galu amalumikiza chilango ndi zomwe akuchita nthawi yomweyo, osati za m'mawa. Mukabwera madzulo kuchokera kuntchito n'kumukwapula, chomwe waphunzira n'chakuti abwana akalowa pageti kumagwa zowawa. Mawa adzagwiranso nkhuku, kungoti inu azikuthawani. Paja akapinda mchira timati "waona, akudziwa kulakwa kwake", pomwe mnzathuyo akungoopa nkhope yanu basi.

Njira yothandiza ndi yotopetsa, sitikubisirani. Mangani kagaluko pachingwe, ikani bonya pang'ono m'thumba, ndipo imani patali ndi nkhuku, poti kangaziwone koma osapenga nazo. Kakangozitong'olera maso nenani kuti "siya", kamodzi kokha, osakuwa. Kakacheukira kwa inu, kapatseni bonya pompopompo. Mukachedwa, simukusiyana ndi wachikoti uja. Mphindi zisanu zakwana, kawiri kapena katatu patsiku, makamaka kasanadye. Muzisendera pafupi ndi nkhukuzo pang'onopang'ono masiku akamapita. Kakalumpha kufuna kuthamangitsa ndiye kuti mwafulumira, bwererani m'mbuyo.

Pomwe ambiri zimawakanika ndi pakhomo penipenipo. Bambo akuti "siya", mayi akuti "choka", ana nawo madzulo akuti "gwira! gwira!" kuti aseke. Galu amvere ndani? Gwirizanani mawu amodzi banja lonse, wantchito ndi alonda omwe. Ndipo maphunzirowa asanakhazikike, musamusiye yekha ndi nkhuku, chifukwa ulendo uliwonse umene wathamangitsa n'kumva kukoma, khalidwelo limazika mizu. Akuluakulu adati kuwongola mtengo m'poyamba. Galu amene wapha kale nkhuku zingapo mwina simudzamukhulupiriranso, ameneyo mungomulekanitsa nazo ndi mpanda.

Zotafuna nsapato ndi masilipasi sizidetsa nkhawa kwenikweni. Kuyambira miyezi itatu kapena inayi mano aubwana amaguluka, ndipo pofika miyezi isanu ndi iwiri mano 42 aukulu amakhala atamera. Nkhama zimayabwa. Bisani nsapato, mupatseni chingwe chokhuthala chomangidwa mfundo. Mafupa a nkhuku ophika ayi, amathetheka n'kubaya m'mimba. Akakulumani dzanja posewera, siyani masewerowo n'kumufulatira. Chimodzimodzi akamalumphira alendo: asamusisite mpaka miyendo yonse inayi itaponda pansi.

Pali ena amene anganene kuti galu wa bonya ndi wofatsa, mbava sizingamuope. N'chifukwa chake mumamva za kutsekera galu m'kakhola ka malata tsiku lonse, kumudyetsa tsabola, ena mpaka chamba, kuti aluse. Galu wotere sasiyanitsa wakuba ndi mwana wa aneba wodzatola mpira. Miyezi itatu yoyambirira ndi imene kagalu kamazolowera anthu, ana, njinga ndi ziweto zina. Kakaphonya nthawi imeneyi kamakula ndi mantha, ndipo galu wamantha ndi amene amaluma. Kuuwa mlendo usiku sikufuna sukulu, amabadwa nako.

Kuluma kwa galu m'dziko muno si nkhani ya bala lokha, pali chiwewe. Bungwe la Mission Rabies lidayamba kubaya agalu katemera ku Blantyre mu 2015, ndipo ku Lilongwe kuli a LSPCA. Kwina konse funsani alangizi a ziweto. Kagalu kabayitseni kakakwana miyezi itatu, kenako chaka ndi chaka. Kakaluma munthu mpaka kutuluka magazi, ngakhale posewera, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, khadi la katemera wa galuyo lili m'manja.