Mausi ikafa ntchito isaime

Mukayenda m'Chimwankhunda muno, ku Zingwangwa, ngakhale m'makonde a sitolo za ku Limbe, simulephera kuona tizipinda tolembedwa kuti pano timataipa ndi kupirinta. M'tizipinda timeneti ndimo mumatulukira makalata ofunsira ntchito, ndondomeko za ukwati ndi maliro, komanso mayeso a sukulu zapulaiveti. Achinyamata ambiri akupezera pomwepo ndiwo ndi ya lendi, ndipo ine ndimawatayira kamtengo.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa ndikamawaona akugwira ntchito. Dzanja lamanja silikhazikika pa kiyibodi. Kalemba pang'ono, kagwira mausi. Kalembanso, kagwiranso mausi. Tsono tsiku limene kachipangizo kameneka kafa, ntchito yonse imaima chilili mpaka munthu akwere minibasi kukagula ina m'tauni, makasitomala ali pamzere, ena n'kumachoka.

Abale anga, kompyuta imamva kiyibodi ngakhale popanda mausi. Pali njira zachidule, zija anyamata amati mashotikati, zongodina mabatani awiri kapena atatu pamodzi ntchito n'kutheka. Ndipo nkhaniyi yafika pofunika tsopano kaamba ka zimene zachitikira makompyuta athu akalewa.

Pa 14 Okotobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, kupatula kwa amene analembetsa ndondomeko yoonjezera yakanthawi chabe. Windows 11 nayo imafuna makina okhala ndi kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi zina zimene makompyuta ambiri akale alibe. Nanga ife timagula atsopano ngati? Ambirife timadalira akaunjika, ogwirapo kale ntchito kunja. Ndiye tiwataye? Ine ndikuti ayi.

Pali Linux, imene Linus Torvalds anayamba mu 1991 ali mwana wasukulu ku Helsinki m'dziko la Finland. Pamwamba pa Linux pamakhala chimene munthu amaona pa sikirini, monga mawindo, timabatani ndi mndandanda wa mapulogalamu. Chimene ine ndimagwiritsa ntchito ndi KDE Plasma. Ntchito ya KDE anaiyambitsa ndi Matthias Ettrich, wophunzira wa ku Tübingen m'dziko la Germany, ndipo anailengeza pa 14 Okotobala 1996, tsiku ndi mwezi womwewo umene Windows 10 inadzatsazikira patatha zaka 29. Plasma 6 inatuluka mu Febuluwale 2024. Zonsezi n'zaulere, ndipo malamulo ake amalola kukopa n'kugawira mnzako pa fulashi popanda wokutchula wakuba.

Tsono tiyeni ku mabataniwo. Pansi pa kiyibodi chakumanzere pali batani lojambulidwa kazenera ka Windows. Pa KDE amalitcha Meta. Mukalidina lokha, mndandanda wa mapulogalamu umatseguka, inu n'kulemba dzina la chimene mukufuna. Meta pamodzi ndi E imatsegula Dolphin, mosungiramo mafayilo. Alt ndi Tab imakudumphitsani kuchoka pa windo ina kupita pa ina. Alt ndi F4 imatseka windo imene mwathana nayo.

Amene mumataipa mukuonera chikalata china pa sikirini, mverani iyi. Meta ndi muvi woloza kumanzere imakankhira windo ku theka lakumanzere, Meta ndi muvi wakumanja imakankhira inayo kumanja. Basi, zikalata ziwiri zili maso ndi maso, palibenso zotsegula n'kutseka.

Alt ndi batani lalitali lija lodumphitsira mau imatulutsa kabokosi kotchedwa KRunner. Mmenemo mukhoza kulemba dzina la fayilo yotayika n'kuipeza. Kamachitanso masamu. Kasitomala wapirintitsa masamba 37, inu lembani 37, kanyenyezi, ndi mtengo wa tsamba limodzi, yankho lili pompo musanayambe kufunafuna foni m'thumba.

Ambiri amadziwa Ctrl ndi C yokopera, ndi Ctrl ndi V yomatira. Koma pa KDE, Meta ndi V imakuonetsani zinthu zingapo zimene mwakopa m'mbuyomu, osati chomaliza chokha. Wotaipa makalata khumi opita ku adiresi imodzi akumva chimene ndikunena.

Pali mabatani awiri amene ndikanakonda alowe m'magazi a wotaipa aliyense. Oyamba ndi Ctrl ndi S, osungira chimene mwalemba. Tonse tikukumbukira mdima wa 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale chaka chimenecho. Magetsi akati phethi, kompyuta yapatebulo simatsazika, ndipo masamba onse osasungidwa amapita nawo. Dinani Ctrl ndi S pakutha pa ndime iliyonse mpaka chala chizichita chokha.

Achiwiri ndi Meta ndi L, otsekera sikirini. M'makompyuta a m'tizipinda tija muli manambala a zitupa za anthu, makalata a kuchipatala, ngakhale nkhani za m'mabanja zopita kukhoti. Mwini malo watuluka kukagula chimanga chootcha, zonsezo zili poyera. Kodi kudina mabatani awiri n'kovuta kuposa kuulula chinsinsi cha kasitomala?

Wina anena kuti zambiri mwa izi zilipo kale pa Windows. Zoonadi, ndipo n'chifukwa chake wosamuka savutika. Kusiyana kwake n'kwakuti pa KDE mabataniwa si lamulo la Amedi ndi Aperisi. Mukalowa mu System Settings n'kupeza pamene alemba kuti Shortcuts, mukhoza kusintha pafupifupi shotikati iliyonse. Laputopu yakaunjika yabwera ndi batani la F4 lakufa? Perekani ntchito yakeyo kwa batani lina lamoyo. Mukasankha mabatani amene ali kale ndi ntchito ina, imakuchenjezani musanasokoneze. Mukamaliza mukhoza kusunga dongosolo lanulo mu fayilo n'kukaliika pa kompyuta ina.

Chimene chinandikopa ine kwenikweni ndi nkhani ya chilankhulo. Pali lemba lija la w wa kadenga, ŵ, limene tinkaliona m'dzina la Malaŵi ndi m'mabuku a nthawi ya Chichewa Board. Masiku ano olemba Chichewa ambiri analisiya, koma anzathu olemba Chitumbuka amalifuna tsiku ndi tsiku m'mau ngati ŵanthu ndi ŵana. Blantyre ndi mzinda wa mitundu yonse, ndipo mayi wa ku Rumphi akabwera ndi ndondomeko ya maliro ya m'chilankhulo chake, ayenera kuilandira yolembedwa bwino. Pa kiyibodi yochokera ku Ulaya kapena ku America lembali palibe.

Pa KDE njira yake ndi iyi. Mu System Settings, pa Keyboard, pali posankhira batani lotchedwa Compose. Sankhani limene simuligwiritsa ntchito kawirikawiri, monga Alt wakumanja. Mukatero, dinani batanilo, kenaka kadenga kaja kamene pa makiyibodi ambiri kali pamwamba pa 6, kenaka w. Lemba lija latuluka. Amene akadali pa Microsoft Word asadandaule: alembe 0175 kenaka adine Alt ndi X.

Sindikunamizani kuti zonse ndi uchi. Kukopa Kubuntu, umodzi mwa mitundu ya Linux yobwera ndi KDE, kumadya magigabayiti angapo, ndipo bandulo si yotchipa. Komatu munthu mmodzi akakopa, fulashi imodzi ikwanira dera lonse. Mapirinta ena amavuta kulumikiza. Chikalata cholembedwa pa Word nthawi zina chimasuntha mizere mukachitsegula pa LibreOffice, imene imalowa m'malo mwake. Ubwino wake Kubuntu imatha kuyendera pa fulashi pomwepo osafufuta kanthu mu kompyuta yanu. Yesani kaye pirinta, yesani zikalata zanu, mukakhutira ndiye musamuke. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a kompyuta m'sukulu za sekondale ndi m'timakoleji tadzadza m'tauni muno. Ana athu akuphunzitsidwa kuloza ndi kudina zithunzi, ngati kuti kompyuta ndi mausi. Bwanji osapatula tsiku limodzi pa sabata, kuzula mausi zonse n'kuzitsekera m'kabati, ana agwire ntchito ndi kiyibodi yokha? Nawo ophunzira a ku MUBAS, ija tinkaitcha Polytechnic, amene Linux amaidziwa, angathandize kwambiri atamatsikira m'madera ngati kwathu kuno Loweruka kudzaonetsa anzawo.

Kwa inu otaipa, musaloweze zonse tsiku limodzi. Lembani mashotikati asanu pa kapepala, mumate m'mphepete mwa sikirini, muwagwiritse ntchito sabata yathunthu. Sabata yotsatira onjezani ena asanu. Tsokonombwe anatha mtunda n'kulumpha. Pakutha pa mwezi mudzaona kuti mzere wa makasitomala ukuyenda msanga, ndipo ndalama ija mukanagulira mausi yachitatu chaka chino mwagulira mapepala.