Michael Corleone, mwana amene ankayenera kupulumuka

Kwa zaka pafupifupi ziwiri, nkhope ya Michael Corleone inkabwerabwera pa status yanga ya WhatsApp. Mukuchidziwa chithunzi chija: Al Pacino ali mu suti yakuda, osamwetulira, pansi pake pali mawu a Chingerezi onena za kukhala chete ndi kusakhulupirira munthu. Wina akandikhumudwitsa, ndinkangochiika. Chochititsa manyazi n'chakuti filimu ya The Godfather ndinali ndisanaionerepo. Ndinkangodziwa timavidiyo ta pa TikTok basi.

Ndinaionera yonse mwezi watha, usiku wina magetsi atazima, pafoni pompa. Ndi yaitali, imatenga pafupifupi maola atatu. Chiyambire usiku umenewo chithunzi chija sindinachiikenso.

Filimuyi inatuluka mu 1972. Anaitsogolera ndi Francis Ford Coppola, ndipo nkhani yake inachokera m'buku la Mario Puzo la mu 1969. Inapata mphoto ya Oscar ya filimu yopambana, ndipo Marlon Brando, yemwe ndi Vito Corleone, anasankhidwa kukhala wochita sewero wopambana, ngakhale mphotoyo anaikana. Nkhaniyi ikuchitikira ku New York kuyambira 1945 mpaka cha m'ma 1955. Vito anabadwira ku Sicily, n'kubwera ku America ali mwana, ndipo tikamamuona koyamba ndi mkulu wa limodzi mwa mabanja asanu a zigawenga mumzindawo. Chuma chake chimachokera ku juga, ndipo mphamvu zake zagona pa oweruza ndi andale omwe amadya m'manja mwake. Chodabwitsa, mawu oti mafia simuwamva m'filimu yonseyi. Gulu la Italian-American Civil Rights League linakakamiza kuti achotsedwe, ndipo amene ankatsogolera gululo, Joe Colombo, nayenso anali mkulu wa banja lina la mafia lenileni.

Zonse zimayambira paukwati wa Connie, mwana wamkazi yekhayo wa Vito. Panja kuli dzuwa, magule, vinyo, ana akuthamangathamanga. M'nyumba muli chipinda chamdima momwe Vito wakhala ndi mphaka pamiyendo, akumvetsera madandaulo a anthu. Woyamba ndi bambo wina wogwira ntchito yokonza maliro, yemwe mwana wake wamkazi anamenyedwa koopsa ndi anyamata awiri, khoti n'kuwamasula. Boma lamukhumudwitsa, ndiye wabwera kwa Vito. Apa mpamene filimuyi imakukolera, chifukwa umapezeka uli mbali ya chigawenga usanaganize n'komwe. Ndani sangafune kuti anyamata aja alangidwe?

Koma ine maso anga anali pa Michael. Iye ndi wamng'ono mwa ana aamuna, wophunzira, wapita kukoleji, wamenya nawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo paukwatipo wabwera mu yunifolomu ya usilikali. Wabweranso ndi chibwenzi chake Kay, mtsikana yemwe si wa Chitaliyana. Awiriwo akhala chapambali. Michael akumufotokozera Kay, mosabisa, momwe bambo ake anaopsezera munthu ndi mfuti kuti asayine pepala, kenako n'kumutsimikizira kuti zimenezo ndi za kwawo, iye sizimukhudza. Pali kanthu kena kakang'ono komwe kanandigwira mtima: nthawi yojambulitsa chithunzi cha banja itakwana, Vito akukana kujambulidwa mpaka Michael afike. Pafupifupi banja lililonse lili ndi mwana woteroyu, uja amene onse amati uyu yekha apite patali, zathuzi zisamukhudze.

Ndiye zinatheka bwanji kuti mwana ameneyu adzakhale woopsa kuposa onse? Ndinkayembekezera kuti adzakopeka ndi ndalama kapena ulemu. Ayi ndithu. Chomwe chinamulowetsa ndi chikondi cha pa bambo ake.

Vito atakana kulowa bizinesi ya mankhwala ozunguza bongo ya munthu wina dzina lake Sollozzo, anawomberedwa mumsewu akugula zipatso. Sanafe. Usiku wina Michael akupita kukamuona kuchipatala, n'kupeza kuli zii, alonda onse achotsedwa. Akuzindikira kuti adani akubwera kudzamalizitsa. Iye ndi namwino akukankha bedi la bambo ake kupita chipinda china, ndipo akuwanong'oneza kuti tsopano ali nawo. Kenako akuima pakhomo la chipatala ndi mnyamata wophika buledi, Enzo, yemwe anangobwera ndi maluwa. Akweza makolala, dzanja m'jekete ngati ali ndi mfuti, chonsecho alibe kanthu. Galimoto ya achiwembu ikufika, n'kubwerera. Enzo akufuna kuyatsa ndudu koma manja akunjenjemera. Michael akumuyatsira, kenako akuyang'ana manja ake omwe. Ali phee. Gawo limeneli ndinalibwereza katatu. Palibe akuyankhula, koma ukuona munthu akudzizindikira kuti zinthu izi amazitha.

Ndiuzeni, pamenepa walakwa chiyani? Inenso akanakhala bambo anga, bedi ndikanakankha. Vuto la filimuyi, kapena ndinene kuti ukatswiri wake, n'lakuti sitepe iliyonse ya Michael imamveka. Mkulu wa apolisi wodya ziphuphu, McCluskey, wamuswa nsagwada. Sollozzo sasiya mpaka Vito afe. Munthu yekhayo amene adani sangamukayikire ndi Michael, poti amadziwika kuti ndi mwana wasukulu. Choncho iye yemwe akudzipereka, akukumana nawo mu lesitilanti ina ku Bronx, akutenga mfuti yomwe inabisidwa kuchimbudzi, n'kuwawombera onse awiri. Akuthawira ku Sicily, osatsanzika n'komwe kwa Kay.

Kumeneko akukwatira mtsikana wina, Apollonia, yemwe akufa ndi bomba lomwe linatcheredwa m'galimoto kuti liphe Michael. Kwawo ku New York, mchimwene wake Sonny akuphedwa pa tollgate. Imfa ya Sonny ndiyofunika kuilongosola, chifukwa ikukhudza Connie. Mwamuna wake, Carlo, ankamumenya, ngakhale ali woyembekezera. Pachakudya china Carlo akumukalipira Connie pamaso pa onse, Sonny akufuna kulowererapo, mayi awo n'kumuletsa kuti za m'banja la eni asalowerere. Banja lomwe lingaphe munthu chifukwa cha kachipongwe likulephera kuteteza mwana wawo wamkazi m'nyumba mwake. Sonny yekha ndi amene ankapsa mtima nazo, ndipo adani anagwiritsa ntchito zomwezo: Carlo anamenya Connie dala kuti Sonny atuluke mwaukali wopanda alonda, n'kugwera mumsampha.

Kunena zoona, azimayi m'filimuyi alibe mawu. Amaphika, amalera ana, amalira, ndipo zitseko zimatsekedwa iwo ali panja. Amuna amangoti zonsezi tikuchitira banja. Koma ukawerenga amene akupwetekedwa, ambiri ndi a m'banja momwemo.

Naye Vito tisamuyeretse kwambiri. Brando anamusewera mokoma, mawu osasa, kuyankhula modekha ngati agogo, moti umaiwala kuti ndi wakupha. Mankhwala aja anawakana makamaka poopa kuti anzake andale amuthawa, ndipo Sonny atafa, pamsonkhano wa mabanja onse, anavomera kuti bizinesiyo ichitike. Komabe gawo lomwe linandikhetsa misozi ndi lake. Atakalamba, ali m'munda ndi Michael, akumuuza kuti moyo uwu sankamufunira, ankalakalaka atadzakhala senator kapena bwanamkubwa. Akunena izi kwinaku akumuphunzitsa momwe angadziwire munthu womupereka. Posakhalitsa Vito akugwa n'kufa pakati pa mitengo ya tomato, akusewera ndi mdzukulu wake. Iye anafa imfa yabwino, ngongole yonse n'kutsalira mwana.

Dzina la filimuyi limatanthauza bambo wa ubatizo, ndipo tanthauzo lake limafika pachimake chakumapeto. Michael wavomera kuimira mwana wa Connie pa ubatizo. Ali m'tchalitchi, wansembe akumufunsa ngati akukana Satana ndi ntchito zake zonse, iye akuvomera, ndipo nthawi yomweyo anyamata ake akupha akuluakulu a mabanja ena mmodzimmodzi. Atatuluka m'tchalitchi akupita kwa Carlo, bambo wa mwana yemwe wangomuimira kumene. Akumulimbitsa mtima kuti samupha, angoulula. Carlo akuulula, akupatsidwa tikiti ya ndege yopita ku Las Vegas, akukwera galimoto, n'kupotoledwa khosi ndi chingwe ali pampando wakutsogolo.

Ameneyu ndiye munthu yemwe ndinkamuika pa status. Wapambana, inde. Adani onse atha. Koma mkazi wake woyamba anafa, mchimwene wake anafa, mlongo wake ndi wamasiye ndipo akumulalatira kuti ndi wakupha. Kukhala chete kuja, komwe timakutama pa TikTok ngati nzeru za mwamuna weniweni, m'filimumu ndi kwa munthu amene watsala wopanda womuuza zoona. Gawo lachiwiri, la mu 1974, limapitiriza njira yomweyo mpaka kufika pa Fredo, mchimwene wake wotsalayo, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Kay, yemwe tsopano ndi mkazi wake, wamva zonse zomwe Connie wanena. Akumufunsa Michael ngati n'zoona kuti anapha Carlo. Michael akukalipa kuti asamafunse za ntchito yake, kenako akufewa, n'kumulola kufunsa kamodzi kokha. Kay akufunsanso. Michael akumuyang'ana m'maso n'kukana. Kay akupumira m'mwamba, akumukumbatira, n'kutuluka kukakonza zakumwa. Ali kumeneko akutembenuka, ndipo akuona amuna akulowa mu ofesi muja, akupsompsona dzanja la mwamuna wake ndi kumutchula dzina lomwe ankatchulira bambo ake. Mmodzi wa iwo akuyenda pang'onopang'ono kubwera kukhomo, Kay akuyang'anabe, n'kutseka chitseko.