Kubweza Ngongole ndi Ngongole Ina

Kuno kwa Chapananga ambiri a ife timadikira ndalama za thonje. Podikirapo timakongola kwa akatapila, ku banki m'khonde kapena pa foni. Olandirira malipiro kubanki nawonso amatapa kupyola ndalama zomwe ali nazo mu akaunti. Tsiku lobweza likafika, ena amatenga ngongole yatsopano kuti atseke yakale.

Kodi n'kulakwa? Osati nthawi zonse. Zimathandiza pokhapokha ngongole yatsopanoyo ikhale yotsika mtengo. Mwachitsanzo, K50,000 ya katapila wa 50 peresenti pamwezi imabala chiwongoladzanja cha K25,000. Ku gulu lokongoza pa 20 peresenti imabala K10,000. Tapulumutsa K15,000. Koma wokongozayo akadula K5,000 yolembetsera, tapulumutsa K10,000 yokha.

Choncho tisanasaine, tifunse:

1. Kodi zonse pamodzi tidzabweza zingati?
2. Kodi pali ndalama yolembetsera, ya inshuwalansi, kapena chindapusa tikachedwa?
3. Kodi tsiku lobweza lidzafika thonje titagulitsa?
4. Nanga chikole n'chiyani: njinga, mbuzi kapena munda?

Tikatseka ngongole yakale, tisabwererekonso kukatenga ina. Apo ayi tidzasenza ngongole ziwiri, ndipo mbuzi zidzatuluka m'khola ana akuona.