Ubuntu ndi Linux Mint: Dandaulo la Munthu Wamba Limafika Pati?

Mu Malichi 2010, Ubuntu 10.04 ili pafupi kutuluka, anthu amene ankaiyesa anapeza kuti timabatani titatu totsekera, tochepetsera ndi tokulitsira windo tasamuka. Tinachoka pa ngodya ya kumanja, pomwe aliyense wozolowera Windows amatifuna, n'kupita kumanzere ngati pa makompyuta a Apple. Nkhaniyi imaoneka yaing'ono, koma dzanja lili ndi chizolowezi chake. Zili ngati wina wakusamutsirani loko wa chitseko masana, inu pobwera usiku n'kumapapasa khoma. Madandaulo anachuluka zedi pa Launchpad, pomwe zovuta za Ubuntu zimalembedwa, mpaka Mark Shuttleworth, mbadwa ya ku South Africa amene anayambitsa Ubuntu mu 2004 ndi ndalama zake, anayankha yekha. Ananena kuti maganizo abwino ndi umboni n'zolandiridwa, koma ntchitoyi si demokalase, ndipo kaonekedwe ka Ubuntu sikaponyeredwa voti. Timabatanito tinakhala kumanzere zaka zoposa 7.

Patangopita milungu yochepa Ubuntu 10.04 itatuluka, kunabwera Linux Mint 9, yomangidwa pa Ubuntu yomweyo, timabatani tili kumanja monga kale. Clément Lefebvre wa ku France anayamba Mint mu 2006, ndipo kuyambira kumayambiriro amatenga zambiri za m'kati mwake ku Ubuntu: kernel, madalaiva, nkhokwe ya mapulogalamu. Zonse ziwiri ndi Linux, ndi zaulere, ndipo code yake ili poyera kuti aliyense aiwerenge ndi kuisintha. Zimasiyanirana pa zimene zimachita munthu wamba akanena kuti chakutichakuti chikumuvuta.

Si zoona kuti Ubuntu sinafune kumva anthu. Mu Febuluwale 2008 inatsegula Brainstorm, pomwe aliyense ankalemba ganizo lake ena n'kulivotera. Inatengera kampani ya Dell, imene chaka chapitacho inafunsa makasitomala ake mwa njira yomweyo, iwo n'kupempha makompyuta obwera ndi Linux, ndipo Dell inayambadi kugulitsa makompyuta a Ubuntu mu Meyi 2007. Koma ku Brainstorm kunali mpata waukulu pakati pa ovota ndi olemba code. Ganizo limatha kupeza mavoti ambirimbiri popanda wina aliyense wolinyamula, popeza voti silipatsa munthu ntchito ndipo sililipira nthawi yake. Ena ankapempha zinthu zimene Ubuntu inalibe nazo mphamvu, monga madalaiva amene makampani eni ake sanatulutse. Brainstorm inatsekedwa mu 2013. Ine ndimaona kuti kufunsa anthu maganizo kenako n'kukhala chete kumapweteka kuposa kusawafunsa n'komwe, chifukwa munthu amene anakhala pansi n'kulongosola bwino vuto lake amatsala osadziwa ngati wina analiwerenga.

Chimene chinayenda bwino nthawi imeneyo ndi ntchito ina yodzichepetsa ya mu 2009 yotchedwa One Hundred Paper Cuts. Inkasaka tizovuta ting'onoting'ono timene munthu watsopano amakumana nato tsiku loyamba, monga mawu osamveka pa menyu kapena batani lobisika, n'kumatikonza kamodzikamodzi. Apa wodandaula ndi wokonza ankamvana, chifukwa wina amangoloza pomwe papweteka ndipo winayo amadziwa mankhwala ake.

Chaka chimene njira ziwirizi zinapatukana poyera ndi 2011. Mu Epulo chaka chimenecho GNOME 3, mtundu watsopano wa desktop imene Ubuntu ndi Mint zinkagwiritsa ntchito, inatuluka itataya kaonekedwe kakale ka menyu pa ngodya ndi mzere wa mapulogalamu otsegulidwa m'munsi. Mwezi womwewo Ubuntu 11.04 inabwera ndi desktop yakeyake, Unity, yokhala ndi mzere wa zizindikiro kumanzere ndi bokosi losakira zinthu m'malo mwa menyu. Canonical, kampani ya Shuttleworth, inali ndi chifukwa chake. Inkafuna kaonekedwe kamodzi kogwira pa kompyuta, pa foni, pa tabuleti ndi pa TV. Anthu amene inkawaganizira kwambiri anali amene sanabwere, mamiliyoni ogula mafoni, ndipo amene analipo kale anapemphedwa kupirira. Loto limenelo silinali lopusa. Mu 2013 Canonical inapempha anthu kusonkha madola 32 miliyoni kuti ipange foni ya Ubuntu Edge, ndipo analonjeza oposa 12 miliyoni, ndalama zosakwana koma zosonyeza kuti ofuna analipo.

Lefebvre anayang'ana amene anali kale m'nyumba. Iwo ankanena chinthu chimodzi mobwerezabwereza: tibwezereni menyu yathu ndi mzere wathu wa m'munsi. Mint 12, ya mu Novembala 2011, inayesa kuzigambika pamwamba pa GNOME 3, koma zigambazo sizinakhutiritse, ndipo gulu la Mint linatenga code ya GNOME Shell n'kuyamba desktop ina, Cinnamon. Nthawi yomweyo munthu wina wa ku Argentina anali atatola GNOME 2 yotayidwa ija n'kuipitiriza pa dzina loti MATE. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mu mapulogalamu a code yapoyera chitsekocho sichikhomedwa: wosakhutira ali ndi ufulu wotenga code n'kukapitiriza kwina. Mint 13 ya mu Meyi 2012 inatuluka ndi zonse ziwiri, Cinnamon ndi MATE. Chaka chomwecho opanga Nautilus, pulogalamu yoonera mafayilo, atachotsa zinthu monga kugawa windo pawiri kuti uone mafoda awiri nthawi imodzi, Mint inatenga Nautilus 3.4 n'kuipitiriza pa dzina loti Nemo, zochotsedwazo zili momwemo. Cha m'nyengo imeneyi Mint inapitirira Ubuntu pa mndandanda wa DistroWatch. Mndandandawo umawerenga ofuna kudziwa za Linux inayake, osati makompyuta amene ikuyendapo, komabe unasonyeza kumene maso a anthu analoza.

Pomwe Ubuntu inalakwa kwenikweni, m'kuona kwanga, si pa Unity. Ndi pa zimene inachita mu Okutobala 2012. Mu Ubuntu 12.10, mawu amene munthu walemba m'bokosi losakira mafayilo ake ankatumizidwa ku maseva a Canonical, ndipo pakati pa zotsatira pankaoneka katundu wa ku Amazon. Bungwe la Electronic Frontier Foundation linadzudzula, Richard Stallman anazitcha ukazitape, ndipo pempho la anthu linali losavuta: zikhale zozimitsa, wofuna aziyatse yekha. Limeneli silinali dandaulo la chizolowezi cha dzanja. Linali la chinsinsi cha munthu, ndipo linali lolondola kuyambira tsiku loyamba. Canonical inaika pozimitsira, koma inadikira mpaka Ubuntu 16.04, mu 2016, kuti izimitse yokha. Mu Epulo 2017 Shuttleworth analengeza kuti za mafoni zatha, Unity yasiyidwa, Ubuntu ikubwerera ku GNOME, ndipo anavomera kuti anthu ndi msika sanazione monga iye anazionera.

Mkangano wa snap unabwera pambuyo pake, ndipo ukuonetsa bwino maganizo a mbali zonse. Snap ndi njira ya Canonical yomangira pulogalamu pamodzi ndi zonse zimene imadalira, kuti phukusi limodzi ligwire pa Ubuntu zakale ndi zatsopano. Kwa kampani yosamalira Ubuntu zingapo nthawi imodzi, iliyonse zaka 5 kapena kuposa, phindu lake ndi lenileni, makamaka pa msakatuli ngati Chromium amene amasintha pafupipafupi. Chovuta n'chakuti sitolo ya snap ndi imodzi yokha, ya Canonical, ndipo code ya seva yake siili poyera. Kuyambira Ubuntu 19.10, wopempha Chromium kudzera pa apt, njira yanthawi zonse yoikira mapulogalamu, ankalandira snap osafunsidwa. Komanso ma snap amadzifufuzira ma update okha kanayi pa tsiku, ndipo njira yowaimitsiratu inadzabwera kumapeto kwa 2022, anthu atapempha zaka zingapo. Wokhala ndi intaneti yopanda malire sangaone vuto pamenepa. Wogula bandulo ya sabata ku Lilongwe kapena ku Chipata amaliona msanga. Mint 20, ya mu Juni 2020, inatseka snap, n'kufotokoza chifukwa chake, n'kuuzanso anthu kafayilo kamodzi koti afufute ngati akuifuna, nosnap.pref. Kenako inayamba kudzimangira yokha Chromium. Chimene ndimayamikira pano ndi kachitidwe kake: inasankha, inanena chifukwa, ndipo inasiya njira yobwerera poonekera.

Komabe amene amati Mint imamvera, Ubuntu siimvera, amadumpha zinthu zingapo.

Choyamba, Ubuntu imasintha msanga dandaulo likabwera ndi umboni wogwirika. Mu Juni 2019 inalengeza kuti isiya kumanga mapulogalamu a 32-bit. Opanga Wine, pulogalamu yoyendetsera mapulogalamu a Windows pa Linux, ndi kampani ya Valve, mwini wa sitolo ya masewera ya Steam, anasonyeza kuti masewera ndi mapulogalamu ambiri a Windows aleka kugwira, ndipo m'masiku ochepa Canonical inabweza mawu n'kusunga zofunikazo. Firefox ya snap mu Ubuntu 22.04 itamachedwa kutseguka, Canonical inayeza masekondi ake n'kuikonza. Wina anganene kuti amene anamvedwa mu 2019 ndi Valve, kampani yaikulu, osati munthu wamba, ndipo sangalakwe kwenikweni. Ndalama za Canonical zimachokera ku maseva, ku cloud ndi ku makampani olipira chithandizo, pamene Mint imadalira kwambiri zopereka za ogwiritsa ntchito ake ndi othandiza ena, ndipo imalengeza mwezi ndi mwezi ndalama zimene yalandira. Aliyense khutu lake lapendekera kwa womudyetsa. Mwayi wa munthu wa pa desktop ndi wakuti ku Mint womudyetsayo ndi iyeyo.

Chachiwiri, kumvera kuli ndi mtengo wake. Anthu amadana ndi update yophwanya zinthu, choncho kwa zaka zambiri Mint inkagawa ma update m'magulu 1 mpaka 5, ndipo a gulu 4 ndi 5, momwe munkapezeka zinthu zakuya ngati kernel, sankasankhidwa okha. Kompyuta inkakhala yodekha, koma ziboo zina za chitetezo zinkakhala zosatseka, ndipo akatswiri anadzudzula. Mint inasintha pang'onopang'ono, kudalira Timeshift, pulogalamu yobwezera kompyuta mmene inalili update isanalowe. Mu Febuluwale 2021 inaulula yokha kuti pafupifupi 30 peresenti yokha ya anthu ake ndi amene ankaika ma update sabata isanathe, ndipo ena anali akadali pa Mint 17, imene chithandizo chake chinatha mu 2019. Palibe munthu amene amalemba kupempha kuti azikumbutsidwa za chitetezo, chikhalirecho akufunika kukumbutsidwa. N'chimodzimodzi ndi Wayland, njira yatsopano yojambulira zinthu pa sikirini yolowa m'malo mwa X11 ya m'zaka za m'ma 1980. Ubuntu inaiyesa mu 17.10, inabwerera m'mbuyo mu 18.04, n'kudzaikhazikitsa mu 21.04, ikulandira madandaulo njira yonse. Cinnamon inayamba kuiyesa mu Mint 21.3, kumayambiriro kwa 2024, minga yambiri ena ataichotsa kale.

Apa ndi pomwe kuyerekezaku kumalemera mbali imodzi. Mint ili ndi mpata womvetsera za menyu ndi mafoda chifukwa ntchito yolemera ya pansi, yosamalira kernel, madalaiva ndi zigamba za chitetezo za mapulogalamu masauzande, ikugwiridwa ndi Ubuntu, imenenso imatenga zambiri ku Linux ina yotchedwa Debian. Kuyambira Mint 17 mu 2014, Mint imamanga pa Ubuntu ya LTS yokha, ya chithandizo cha nthawi yaitali, yotuluka zaka ziwiri zilizonse. Gulu lake ndi laling'ono, ndipo nalonso limakana: linasiya Mint ya desktop ya KDE itatha 18.3, ngakhale inali ndi oikonda, chifukwa manja anali ochepa. Limadziwanso kuti kudalira Ubuntu kuli ndi chiopsezo, n'chifukwa chake limasunga LMDE, Mint yomangidwa pa Debian mwachindunji, imene inayamba mu 2010.

Munthu wondifunsa kuti ndimuikire iti pa laputopu yake yolembera ndi kusakira pa intaneti, ndimamuikira Mint, chifukwa zimene waphunzira lero adzazipeza pomwepo chaka chamawa, ndipo akadandaula za chinthu chooneka ndi maso, dandaulo lake lili pafupi ndi ochikonza. Koma vuto lake likakhala la Wi-Fi yosagwira kapena pulinta yosaoneka, nthawi zambiri kokakonza ndi kumtunda, ku Ubuntu, ku Debian kapena kwa osamalira kernel, ndipo kumeneko chomveka ndi lipoti lonena mtundu wa makina, zimene wachita ndi zimene zachitika.

Unity nayo sinafe. Itasiyidwa kunapezeka anthu ambiri amene anali ataizolowera n'kuikonda, ena anaitola n'kuipitiriza, ndipo mu 22.10 Ubuntu Unity inakhala imodzi mwa mitundu yovomerezeka ya Ubuntu, yosamalidwa ndi anthu odzipereka. Mu 23.04 kunavomerezedwanso Ubuntu Cinnamon, yogwiritsa ntchito desktop yopangidwa ndi gulu la Mint.