Makobiri a m'chitini cha agogo: chuma kapena zitsulo chabe?

Agogo anga aakazi atamwalira chaka chatha ku Senga Bay, tinapeza chitini cha mabisiketi pansi pa bedi lawo. Munali makadi a kutchalitchi, singano ndi makobiri akale 23 omangidwa m'kansalu. Msuweni wanga, amene amapikula usipa kwa asodzi n'kukagulitsa ku Lilongwe, atangowaona anakuwa: "Achimwene, talemera basi!"

Iye anali ataona pa Facebook kuti kobiri la ku Britain lodindidwa molakwika limagulidwa mapaundi ankhaninkhani. Nane mtima unadumpha, poti fizi ya mlongo wanga wa Fomu 3 inali isanapezeke. Ndinagula bandulo, n'kukhala pakhonde masiku atatu, foni kudzanja ili, makobiri kudzanja linalo.

Oyamba kutigwetsa mphwayi anali makobiri a bowo pakati, okhala ndi njovu ziwiri. Msuweni ankati bowolo ndiye cholakwika chenichenicho. Ayi ndithu. Awa ndi a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, ndipo onse anapangidwa ndi bowo dala.

A ku Britain enieni analipo 9. Kumaso kuli mutu wa mfumu, George V kapena George VI, kumbuyo kuli mayi wokhala pansi atagwira mkondo wa mano atatu, wotchedwa Britannia. Timangoti ndi a kopa, koma kuyambira 1860 ankapangidwa ndi bronze, kopa wosakaniza ndi zitsulo zina. Lenileni limalemera magalamu pafupifupi 9.4 ndipo silimata ku maginito. Likamata, dziwani kuti wina wakukonzerani.

Chachikulu chimene ndinaphunzira n'chakuti kulakwika kwa ku fakitale n'kosiyana ndi kuwonongeka. Kobiri limapangidwa pothinikiza kachitsulo kosalala pakati pa zidindo ziwiri. Kachitsuloko kakakhala mopendekeka, chithunzi chimathawira mbali imodzi, kwinako n'kutsala kopanda kanthu. Kakadindidwa kawiri, zilembo zimaoneka ziwiriziwiri. Chidindo chikang'aluka, chitsulo chimalowa mu mng'aluwo, ndiye pakobiri pamatuluka kamzere kotukuka ngati mtsempha. Apa mpomwe ambiri timapusira: mzere wochokera ku fakitale umatukuka, pomwe wokandidwa ndi msomali kapena mchenga wa kunyanja umalowa m'kati. Yatsani tochi ya foni chammbali, mthunzi wake ukuuzani. Mizere yonse ya pa makobiri athu inali yolowa.

Limodzi la George V linatipatsanso chiyembekezo. Kumbuyo kwake kunkaoneka chithunzithunzi cha mutu wa mfumu, ngati mzukwa. Kuwerenga bwino, ndinapeza kuti mutuwo unkazokotedwa mozama kwambiri moti unkakoka chitsulo cha kumbuyo, ndipo makobiri ambirimbiri a zaka zoyambirira za mfumuyi ali choncho. Chinthu chikachuluka, mtengo palibe.

Nanga la 1933 lomwe aliyense amalilota? M'chaka chimenecho mabanki a ku Britain anali ndi makobiri okwanira, choncho Royal Mint inangopanga ochepa zedi, osafika khumi odziwika, ena n'kuwakwirira pansi pa maziko a nyumba zatsopano. Akathyali amatenga la chaka china, monga 1935, n'kusema nambala yomaliza kuti ioneke ngati 3. Munthu akakutsatsani limeneli pa depoti ya Salima, pitirizani ulendo.

Titaika zithunzi pa intaneti, bambo wina anatilembera pa WhatsApp kuti agula onse pa mtengo woti mutu kuzungulira, bola titumize kaye ndalama ya "setifiketi". Msuweni anali atatsegula kale foni kuti atumize ndalama ya mpamba wake. Ndinamugwira dzanja. Wogula weniweni salipiritsa wogulitsa. Komanso mitengo yodabwitsa imene mumaiona pa eBay nthawi zambiri ndi yomwe wogulitsa akupempha. Fufuzani pa zomwe zinagulidwa kale, mudzaona kusiyana kwake.

Cholakwa chathu chinali chimodzi: msuweni anali atakwecha kale makobiri atatu ndi phulusa ndi mandimu kuti awale. Osonkhanitsa ndalama zakale amafuna mtundu woderawo, ndipo lokwechedwa limagwa mtengo. Musatsuke, chonde.

Pamapeto pake tinapeza kanthu kamodzi. Pa kobiri la 1919, kumanzere kwa chaka, pali kachilembo H. Si cholakwika, koma chizindikiro choti linadindidwa ku fakitale ya Heaton ku Birmingham, osati ku London. Ena a 1918 ndi 1919 ali ndi KN, kutanthauza Kings Norton, ndipo amenewo ndiwo osowerapo. Lathu ndi lofufutika kwambiri, moti ndalama yolitumizira kunja ikanaposa mtengo wake.

Fizi ya mlongo wanga inachokera ku usipa womwewo, umene mpamba wake unatsala pang'ono kupita kwa mbava. Kobiri la H lija ndinalibwezera m'kansalu ka agogo. Mayi akuti agogo ankasunga makobiriwa kuyambira 1971, pamene kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa paundi ndi sheleni, poti ankati ndalama sitayidwa.