Kuchotsa Mizere Yomaliza mu Fayilo: Kuyambira Kumutu Kapena Kumchira

Mapulogalamu ena owerengera ndalama akamatulutsa fayilo ya CSV amawonjezera mizere iwiri kapena itatu pansi: chiwonkhetso, tsiku, dzina la lipoti. Wofuna kulowetsa manambalawo mu pulogalamu ina ayenera kuyamba wachotsa mizereyo. M'chiyankhulo cha Python, chomwe Guido van Rossum adachitulutsa mu 1991, pali njira ziwiri zochitira zimenezi, ndipo zonse zikulimbana ndi vuto limodzi: fayilo siidziwa kuti ili ndi mizere ingati. Pa disiki pali mabayiti ondondozana basi, ndipo mzere umathera pomwe pali bayiti ya nambala 10.

Njira yoyamba imayambira kumutu. Mumawerenga fayilo yonse ndi readlines(), mumatenga mizere[:-3], n'kulembanso zotsalazo. Yachiwiri imayambira kumchira. Mumatsegula fayilo ndi "rb+", mumalumphira kumapeto ndi seek(), mumabwerera cham'mbuyo mukuwerenga mabayiti a nambala 10, ndipo mukafika pamalo oyenera mumadula ndi truncate(). Woyambayo ali ngati mlembi wokopera kalata yonse papepala latsopano n'kusiya ndime yomaliza. Wachiwiriyo wangotenga lumo n'kudula pansi pa pepala.

Fayilo ikakhala ya mizere 500, simungaone kusiyana kwa liwiro, ndipo yoyambayo imakoma chifukwa aliyense woiwerenga amaimva msanga. Ikakhala ya magigabayiti 20, yoyamba imafuna memore yoposa kukula kwa fayiloyo, pamene yachiwiri imangokhudza mabayiti ochepa akumapeto. Ntchito ya yoyamba imakula ndi fayilo; ntchito ya yachiwiri imakula ndi chodulidwacho.

Iliyonse ili ndi msampha wake. Mu yoyamba, chiwerengero cha mizere yochotsa chikakhala 0, mizere[:-0] imabweza mndandanda wopanda kanthu, chifukwa kwa Python -0 ndi 0 yemweyo. Mumafuna kusachotsa chilichonse, mwachotsa zonse, ndipo palibe chenjezo. Mu yachiwiri, muyenera kuona nokha ngati mzere womaliza watsekedwa ndi bayiti ya 10 kapena ayi. Mukaiwala, mumadula mopitirira kapena moperewera ndi mzere umodzi. Apa readlines() sakuvutitsani, amawerenga bwino mitundu yonse iwiri.

Pa zilembo m'pamene nkhani ikukoma. Mu UTF-8, kasungidwe kena ka zilembo m'mabayiti, chilembo chathu ŵ chimatenga mabayiti awiri, ndipo munthu angaope kuti wobwerera cham'mbuyo achidula pakati. Sizichitika: UTF-8 idakonzedwa mwakuti bayiti ya 10 siipezeka m'kati mwa chilembo china. Mu UTF-16 chitetezo chimenechi mulibe, ndipo kumeneko njira yoyamba, ikauzidwa mtundu wa fayilo, ndiyo yodalirika. Komabe yoyambayo imatha kusintha zomwe simudaipemphe. Fayilo yochokera pa Windows imatseka mzere ndi mabayiti awiri, 13 ndi 10. Python akaiwerenga ngati mawu wamba n'kuilembanso pa Linux, 13 yense amasowa. Yachiwiri siikhudza bayiti iliyonse yam'tsogolo mwa podulapo.

Nanga magetsi akazima ntchito ili m'kati? Kutsegula fayilo ndi "w" kumaifufuta nthawi yomweyo, choncho wolembanso pa fayilo yomweyo akhoza kutsala ndi theka kapena kutsala chimanjamanja. Mankhwala ake alipo: kulemba mu fayilo yatsopano, kenako n'kuiika m'malo mwa yakale ndi os.replace(), yomwe idabwera ndi Python 3.3 mu 2012. Izi zimafuna malo a mafayilo awiri pa disiki, koma yakale imakhala yathunthu mpaka yatsopano itatha. Kudula ndi truncate() sikufuna malo owonjezera ndipo kumatha m'kuphethira kwa diso, koma mukalakwitsa kuwerenga, zodulidwazo zapita. Ine pa fayilo yomwe ilibe inzake yosungira ndimaopa kwambiri lumo kusiyana ndi kuchedwa.

Pali malo amodzi pomwe yachiwiri siingafike konse. Mawu akamabwera kuchokera ku pulogalamu ina kudzera m'paipi, kumapeto sikunafike, ndiye seek() alibe kolumphira. Pamenepo mumayambira kumutu ndithu, koma simukakamizika kusunga zonse: mumagwira mizere itatu m'manja, ndipo wachinayi ukafika mumatulutsa woyamba. Lamulo la head -n -3 la GNU limagwira ntchito imeneyi pa Linux, ngakhale head wa pa macOS salandira nambala yokhala ndi chizindikiro chochotsera.